Mzikiti wokhala ndi tchalitchi m'kati: ulendo wanga ndi amayi aang'ono ku Spain

Mawu akuti mzikiti ali ndi m'bale wake ku Spain. Kumeneko amati mezquita. Onse awiri ndi ana a liwu limodzi la Chiarabu, masjid, lomwe limatanthauza malo ogunditsa chipumi pansi popemphera. Lathuli linabwera ndi amalonda a kugombe olankhula Chiswahili, omwe amati msikiti. La anthu a ku Spain ndi lotsalira la zaka pafupifupi 800 zomwe mbali zina za dzikolo zinali m'manja mwa mafumu a Chisilamu, kuyambira mu 711 mpaka mu 1492.

Koma mukafika mumzinda wa Córdoba n'kuuza woyendetsa takisi kuti akakusiyeni ku Mezquita, akakutsitsani pakhomo pa nyumba yomwe ansembe a Katolika amachitiramo Misa tsiku ndi tsiku. Pa tikiti amalemba mayina onse awiri, Mezquita-Catedral. Eni mzinda alibe nthawi ya zonsezo. Amangoti Mezquita basi, ngakhale ali pa ulendo wa ku Misa.

Nyumba imeneyi ndi yomwe inandikokera ku Spain, ndipo chifukwa chake chili m'banja mwathu.

Amayi anga anabadwira m'banja la Chisilamu ku Mangochi. Atakwatiwa ndi bambo anga, Mkatolika wa ku Dedza, analowa mpingo wa amuna awo. Agogo aamuna sanapite ku ukwatiwo, ndipo anamwalira asanapondepo pakhomo pathu. Agogo aakazi alipo mpaka lero, ngakhale maso ayamba kuwavuta. Ife ana tinakula tikudziwa malamulo omwe palibe anatiuza. Tikamapita ku Mangochi, korona ankalowa m'chikwama basi isanafike pa boma. Amalume akabwera kwathu, nkhuku ankazinga okha, ndipo sabata imeneyo kapado sankatchulidwa n'komwe. Panalibe mkangano ayi. Kungoti nkhaniyo sinkakambidwa.

Mng'ono wawo wa amayi anakhalabe Msilamu. Amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Britain, zaka zoposa khumi tsopano. Nditamaliza ku yunivesite anandilonjeza mphatso ya ulendo, ndisankhe ndekha kopita. Zinatenga zaka ziwiri kuti ndalama zikwane ndi mapepala a viza atheke. Nditawauza kuti ndikufuna kum'mwera kwa Spain, dera lotchedwa Andalucía, anaseka pa foni. "Anzako amafuna Paris ndi Dubai, iwe ukufuna kukaona njerwa zakale? Chabwino mwanawe, tikaone njerwazo."

Sevilla: nsanja ya eni awiri

Tinakumana pa bwalo la ndege la Málaga mwezi wa Okutobala, n'kukwera sitima ya pamtunda kupita ku Sevilla. Chinthu choyamba kuona mumzindawu ndi nsanja. Amaitcha Giralda, ndipo kulikonse komwe mungasochere m'timisewu take topapatiza, mukakweza maso mukuiona. Kutalika kwake ndi pafupifupi mamita 100. Inamangidwa pakati pa 1184 ndi 1198 ngati nsanja ya mzikiti waukulu, nthawi yomwe mzindawu unkalamulidwa ndi mafumu a Almohad ochokera ku Morocco. Abale ake ali ku Africa konkuno: nsanja ya Koutoubia ku Marrakech ndi nsanja ya Hassan ku Rabat.

M'kati mwake simukwera masitepe monga mungaganizire. Muli njira yotsetsereka yomwe imakhota maulendo oposa 30, ngati msewu wa Golomoti pokwera ku Dedza. Amati anaimanga chonchi kuti munthu athe kukwera ali pa hatchi. Ife tinalibe hatchi. Titafika pakati, amayi aang'ono anatsamira khoma akupuma wefuwefu. "Mawondo angawa anatha ndi kunyamula azungu okalamba," iwo anatero. "Pita kaya, koma ukandisiya pano usadzanenenso kuti umandikonda." Tinakwera limodzi pang'onopang'ono, ana a sukulu akutipitirira.

Pamwamba pali mabelu oposa 20. Mabeluwa ali m'chigawo chomwe Akhristu anawonjezera, chomalizidwa mu 1568, ndipo pansonga penipeni anaikapo chifanizo cha mkuwa cha mzimayi woimira chikhulupiriro, chomwe chimatembenuka ndi mphepo. Choncho mukaima pansi n'kuyang'ana, mbali yaikulu ya nsanjayi ndi ntchito ya amisiri a Chisilamu, mutu wake ndi wa Chikhristu. Msoko wake ukuoneka, sanaubise.

Mzikiti womwe unali m'munsi mwa nsanjayi kulibe. Mfumu Fernando III italanda Sevilla mu 1248, nyumbayo inasanduka tchalitchi kwa zaka zoposa 150. Kenako, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1400, akuluakulu a mpingo anaigwetsa n'kumangapo tchalitchi chomwe chilipo lerochi, chimodzi mwa matchalitchi akuluakulu kwambiri padziko lonse. Anasiya nsanja ndi bwalo la mitengo ya malalanje pomwe anthu ankasambira m'manja, kumaso ndi kumapazi asanaswali. Malalanje ake ndi owawa, sadyeka. Amayi aang'ono ndi amene anandiuza kuti ambiri a mtundu umenewu amapita ku Britain kukapangira jamu ya marmalade, yomwe iwo amapaka pa buledi wa nkhalamba zawo m'mawa uliwonse.

M'kati mwa tchalitchi munthu umachepa ngati nyerere. Kuseri kwa guwa kuli khoma lonse la zosemasema zokutidwa ndi golide. Chapambali pali manda a Christopher Columbus, bokosi lake litasenzedwa ndi zifanizo zinayi. Kuyambira mu 1503, malonda onse a Spain ndi mayiko a ku America ankayendetsedwa kuchokera ku Sevilla, ndipo m'zaka zimenezo mumzindawu munalinso akapolo masauzande, ambiri mwa iwo ochokera ku Africa. Ndinagwada n'kupemphera monga ndinaleredwera, koma ndinkadziwa kuti kukongola ndikukuonaku kuli ndi thukuta la anthu omwe mayina awo sanalembedwe pakhoma lililonse. Amayi aang'ono anandidikira pa benchi ya kumbuyo, manja ali pamiyendo.

Kungodutsa bwalo kuchokera pa tchalitchi pali nyumba yachifumu, Real Alcázar. Mbali yake yotchuka inamangidwa kuyambira mu 1364 ndi mfumu ya Chikhristu, Pedro I, koma amisiri ambiri anali Asilamu. Zotsatira zake ndi nyumba ya mfumu ya Chikhristu yokhala ndi zilembo za Chiarabu m'makoma. Banja lachifumu la Spain limagwiritsabe ntchito zipinda za pamwamba likabwera mumzindawu.

Córdoba: nkhalango ya nsanamira

Kuchokera ku Sevilla kupita ku Córdoba pa sitima yothamanga sipatha ola. Tinafika madzulo, n'kukadya chakudya chomwe eni ake amanyadira, salmorejo, phala lozizira la tomato, buledi ndi mafuta a olivi. Pamwamba pake amakonda kuwazapo tinyama ta nkhumba, ndiye chiganizo choyamba cha Chisipanishi chomwe tinaloweza tonse awiri chinali "sin jamón", kutanthauza kuti musaikemo nkhumba. Ine ndinasiyanso kudya nkhumba sabata yonseyo. Mbale imodzi sitikanadyera pawiri.

M'mawa mwake tinalawirira. Mumalowera pa bwalo lina la malalanje, kenako pakhomo, ndiye maso amatenga kanthawi kuti azolowere mdima. Akazolowera, abale, pakamwa pamangoti kakasi. Nsanamira zoposa 850 zili ndandanda mbali zonse, ndipo pamwamba pake pali zokhota ngati uta, ziwiriziwiri, china pamwamba pa chinzake, za mizere yofiira ndi yoyera. Kofiirako ndi njerwa, koyerako ndi mwala. Kulikonse komwe mungayang'ane mukuona ngati mwalowa m'munda wa migwalangwa wobzalidwa pa chingwe.

Anayamba kumanga nyumbayi cha m'ma 785 ndi Abd al-Rahman I, munthu wothawa kwawo. Banja lake, la Umayyad, linkalamulira kuchokera ku Damascus mpaka mu 750 pomwe linagonjetsedwa, abale ake ambiri n'kuphedwa. Iye anathawa kudutsa kumpoto kwa Africa mpaka kudzakhazikitsa ufumu wake ku Córdoba. Amisiri ake sanaseme nsanamira zatsopano. Anatola za m'nyumba zakale za Aroma ndi za mafumu a Chikhristu omwe analipo kale, n'chifukwa chake mukayang'anitsitsa sizifanana mtundu kapena mitu. Vuto linali lakuti zinali zazifupi, denga likanakhala pafupi ndi mitu ya anthu. Nzeru ya mauta awiri ija inabadwira pamenepo: uta wa pamwamba umakweza denga, wa pansi umagwira nsanamira kuti zisatagadzuke. Chinthu chomwe anthu amachokera kutali kudzajambula chinayamba ngati njira yothetsera kuperewera kwa zipangizo.

Mafumu otsatira anapitiriza kuikulitsa mpaka cha m'ma 988. Mmodzi wa iwo, al-Hakam II, ndi amene anamangitsa mihrab yomwe ilipo lero, kachipinda kosonyeza komwe opemphera ayang'ane. Khomo lake ndi lokutidwa ndi timagalasi ta golide, tobiriwira ndi ta buluu, ndipo luso limeneli linachokera ku Constantinople, kwa mfumu ya Chikhristu. Amayi aang'ono anatulutsa foni yomwe ili ndi kampasi yolozera ku Makka. Muvi unaloza kwina, mihrab kwina. Si foni inalakwa ayi: mihrab ya ku Córdoba imayang'ana chakum'mwera, pomwe Makka ali chakum'mawa. Ena amati omangawo ankatsata momwe mizikiti ya kwawo ku Syria inkayang'anira. "Ndiye kuti anali ngati ine," iwo anatero. "Thupi lili kuno, mtima ukuyang'anabe kumudzi."

Mukamayenda chapakati pa nkhalango ya nsanamirayi, mwadzidzidzi denga limakwera, kuwala kumatsika, ndipo mwapezeka muli m'tchalitchi: guwa, mtanda, mipando ya kwaya yosemedwa, malimba akuluakulu. Fernando III yemwe uja analanda Córdoba mu 1236 ndipo mzikiti unadalitsidwa kukhala tchalitchi. Kwa zaka pafupifupi 300 anangosintha zochepa. Mu 1523 ndi pomwe anayamba kuchotsa nsanamira za pakati n'kumangapo tchalitchi chachikuluchi, ngakhale akuluakulu a mzindawo ankakana. Otsogolera alendo amakonda kusimba kuti mfumu Carlos V, yomwe inapereka chilolezo, itabwera kudzaona inadandaula kuti awononga chinthu chomwe kulibe kwina kuti amange chomwe chili paliponse.

Chinthu chimodzi tinkachidziwa tisananyamuke: Asilamu saloledwa kuswali m'nyumbayi. Ndi lamulo la mpingo womwe umaiyang'anira, ndipo ngakhale magulu a Asilamu a ku Spain akhala akupempha kuti lisinthe, lidakalipo. Choncho ine, mwana, ndinali ndi ufulu wogwada, pomwe amayi anga aang'ono ankangoima patsogolo pa mihrab ngati mlendo wina aliyense wa kamera. Tsiku limenelo sindinagwade. Tinakhala pa benchi moyandikana.

Ndinawauza zomwe ndinawerenga, zoti mzikiti waukulu wa ku Sevilla unagwetsedwa, wa ku Granada chimodzimodzi, koma uwu unapulumuka chifukwa Akhristu anapitiriza kuugwiritsa ntchito, kufolera denga ndi kukonza ming'alu. Anagwedeza mutu. "N'zoona," anatero. "Wasungidwa bwino. Ngati amayi ako. Bambo ako awasunga bwino, palibe angatsutse. Koma unawamvapo akulankhula Chiyao m'nyumba mwanu?"

Ndinakhala chete, chifukwa yankho ankalidziwa.

Kenako anandiuza nkhani yomwe sindinaimvepo. Tsiku la ukwati wa makolo anga iwo anali ndi zaka 13. Agogo aamuna analamula kuti pasapezeke wopita. Iwo ananama kuti akukatola nkhuni, n'kuyenda wapansi mpaka ku tchalitchi. Sanalowe. Anaima panja pa zenera, kumvetsera kwaya, n'kuona mkulu wawo atavala zoyera, kumbali kwake kopanda wachibale ndi mmodzi yemwe. Anabwerera kunyumba asanatuluke anthu, atanyamula tinkhuni ta bodza.

"Amayi akudziwa zimenezi?" ndinafunsa.

"Ayi. Ndikanawauza liti? Kwathu nkhani imeneyi sitiiyamba."

Titatuluka tinadutsa m'dera lakale la Ayuda, momwe muli sunagoge wamng'ono wa mu 1315, mmodzi mwa ochepa a nthawi imeneyo omwe anatsala ku Spain. Pafupi pali chifanizo cha Maimonides, Myuda wanzeru, dokotala, wobadwira mumzinda womwewu, ndipo chapatsogolo pali cha Ibn Rushd, Msilamu wanzeru wobadwa mu 1126. Mabuku a alendo amakonda kunena kuti kuno zipembedzo zitatu zinkakhala mwamtendere. Nthawi zina zinalidi choncho, koma osati nthawi zonse. Pansi pa mafumu a Chisilamu, Akhristu ndi Ayuda ankalipira msonkho wapadera, ndipo banja la Maimonides linathawa ku Córdoba a Almohad atafika ndi malamulo okhwima. Aliyense anakhalapo pamwamba, aliyense anakhalapo pansi. Madzulo tinawoloka mtsinje wa Guadalquivir pa mlatho womwe maziko ake anaikidwa ndi Aroma, zipembedzo ziwiri zathuzi zisanafike n'komwe kumeneko.

Granada: komwe madzi amalankhula

Amene mukuganiza zokaona Alhambra ku Granada, gulani matikiti pa intaneti masabata angapo ulendo usanafike, chifukwa amatha. Tikiti imalembedwa dzina ndi nambala ya pasipoti yanu, ndipo ku nyumba zachifumu za m'kati mumalowa pa ola lomwe lalembedwa, osati lomwe mwafuna. Valani nsapato zoyendera. Ndi phiri.

Alhambra ndi mudzi wathunthu wa mafumu wozunguliridwa ndi linga lofiirira. Anauyamba mu 1238 ndi Muhammad I, woyambitsa ufumu wa Nasrid, womwe unali womaliza wa Chisilamu ku Spain. Kunja makoma ake ndi osalala, opanda chokopa. M'kati ndiye muli ntchito. Pulasitala wosemedwa ngati nsalu yoluka, matailosi a mitundumitundu, madenga a matabwa olumikizidwa ngati nyenyezi. Pa bwalo lotchuka kwambiri, lomangidwa m'nthawi ya Muhammad V m'zaka za m'ma 1300, mikango 12 ya mwala yasenza beseni la madzi, ndipo nsanamira 124 zowonda zazungulira bwalolo.

Chomwe chinandigwira mtima ndi madzi. Ali paliponse: m'tingalande todutsa pakati pa zipinda, m'maiwe osalala ngati kalilole, ngakhale m'mbali mwa masitepe momwe mumagwira ndi manja. Pamwamba pa phiri louma, popanda pampu. Amisiriwo anapatutsa mtsinje wa Darro chakumtunda, makilomita pafupifupi 6 kuchokera pamalopo, n'kukumba ngalande yoyenda m'mbali mwa phiri motsetsereka pang'onopang'ono mpaka madzi anafika okha. Aliyense amene anakulira kotunga madzi pa mjigo amvetsa chifukwa chomwe mfumu inkaonetsera chuma chake ndi madzi oyenda m'nyumba.

Amayi aang'ono ankayenda chala chili m'mwamba, akuwerenga makoma. Zomwe ine ndinkaona ngati maluwa, kwa iwo zinali zilembo zomwe anaphunzira ku madarasa ali mwana. Mawu amodzi abwerezedwa kambirimbiri m'nyumba monsemo, mbiri ya banja la Nasrid, onena kuti palibe wopambana koma Mulungu. Anthu anayamba kutitsatira kuti amve. Mzimayi wina wachizungu anawafunsa ngati ndi otsogolera alendo. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi mpango.

Pa 2 Januwale 1492, mfumu yomaliza, Muhammad XII, yomwe anthu a ku Spain amaitcha Boabdil, inapereka mzindawu kwa Fernando ndi Isabel. Pangano lomwe anasainirana linalonjeza kuti Asilamu apitiriza kupembedza mwaufulu. Sipanathe zaka khumi lonjezolo lisanaswedwe: anthu anabatizidwa mokakamiza, mabuku a Chiarabu anatenthedwa. Ayuda anali atalamulidwa kale, mu Malichi 1492, kuti abatizidwe kapena achoke. Ndipo pakati pa 1609 ndi 1614, zidzukulu za Asilamu obatizidwa aja, anthu pafupifupi 300,000, zinathamangitsidwa m'dzikomo, ambiri kupita kumpoto kwa Africa. Nyumba zinatsala, eni ake anapita. Mukamajambula zithunzi pa mikango ija, zimenezi muzizikumbukira.

M'kati mwa linga lomwelo Carlos V anayamba kumanga nyumba yake mu 1527, ya makona anayi kunja, bwalo lozungulira m'kati. Sanagonemo. Inakhala yopanda denga mpaka m'zaka za m'ma 1900.

Madzulo a Lachisanu tinakwera phiri la tsidya lina, m'dera lakale la Albaicín. Pamwamba, pafupi ndi tchalitchi cha San Nicolás pomwe alendo amadzazana kuonera dzuwa likulowa, pali mzikiti watsopano womwe unatsegulidwa mu 2003, patatha zaka zoposa 500 ufumu wa Nasrid utagwa. Munda wake ndi wotsegukira aliyense. Amayi aang'ono anavula nsapato n'kulowa. Ulendo uno wodikira panja ndinali ine, chikwama chawo chili pamiyendo panga, Alhambra ili patsogolo panga ikusanduka yofiira ngati mbaula.

Atatuluka anakhala pambali panga. Ndinaona kuti nthawi ndi imeneyi, ndipo ndinafunsa funso lomwe ndinalisenza kuchokera kwathu.

"Mayi, agogo akukalamba. Amayi amaopa chinthu chimodzi. Amati tsiku likadzafika, adzawaimika panja ngati mlendo. Sadzaloledwa ngakhale kulowa m'nyumba momwe mayi awo agona."

Sanayankhe msanga. Mwambo ndi wodziwika: mzimayi wa Chisilamu amasambitsidwa ndi azimayi a Chisilamu, ndipo maliro sachedwa. Iwo sakanandilonjeza kuti asintha zimenezo, ndipo ine sindinkapempha kuti asinthe.

"Kusambitsa adzasambitsa oyenera," anatero pamapeto pake. "Koma amayi ako ndi mwana woyamba. Madzi adzatunga ndi iwo, adzatenthetsa ndi iwo, adzafika nawo pakhomo ndi iwo. Nsalu tidzagula limodzi. Pa mphasa adzakhala pafupi ndi ine. Amene adzafune kuwachotsa adzayambe wachotsa ine. Koma iwenso ukawauze, asadikire maliro. Agogo ako akufuna kumva mawu awo panopa, makutu akadali amoyo."

Zomwe ndinabwera nazo

Ndinapita ku Spain ndikuyembekezera kuona umboni woti zipembedzo ziwiri zikhoza kukhala m'nyumba imodzi popanda wolira. Umboni umenewo kulibe. Ku Sevilla wina anagwetsa, ku Córdoba wina anaboola pakati, ku Granada wina anaswa lonjezo. Chomwe chilipo ndi china: nyumba zomwe sizibisa msoko. Pomwe mmisiri wina analekezera ndi pomwe mnzake anayambira pakuoneka, ndipo anthu a ku Spain lero amatenga ana awo a sukulu kukawaonetsa zonse ziwiri. Mabanja ambiri osakanikirana ngati lathu timachita mosiyana. Timapaka laimu pamsoko n'kumati zonse zili bwino, ana n'kukula osadziwa theka la komwe anachokera. Akuluakulu anati chibale n'fupa, sichiola. Koma fupa lothyoka likapanda kumangidwa limapola mokhota.

Nditabwerera kunyumba ndinakhala ndi amayi pakhonde kuwaonetsa zithunzi pa foni. Nsanja anaiyamikira, mikango anaiseka kuti ikufanana ndi agalu. Titafika pa zithunzi za makoma a Alhambra anandilanda foni, n'kukulitsa chithunzi ndi zala, n'kuyamba kuwerenga chapansipansi, kuchokera kumanja kupita kumanzere. Zaka zanga zonsezi ndinali ndisanamvepo Chiarabu m'kamwa mwawo.

"Anandiphunzitsa bambo anga," anatero. "Ndinkawaposa anyamata onse."

Nkhani ya pazenera sindinawauze. Mwini wake alipo, ndipo walonjeza kuti akabwera ku tchuthi adzaikamba yekha. Uthenga wa agogo wokha ndi womwe ndinapereka. Loweruka lotsatira amayi anagula shuga, sopo ndi chitenje chatsopano, ndipo tinakwera basi ya ku Mangochi. Korona wanga anali m'khosi ulendo wonse. Agogo atandikumbatira anamukhudza ndi zala, n'kufunsa kuti ndi chiyani. Ndinawauza. Anati, "Oho," kenako anafunsa ngati tadya.